Harry Langworthy ndi Mbiri ya Dziko la Undi: Zimene Adatisiyira ndi Zimene Zidatsala M'njira

1.0 MAWU OYAMBA

Chaka chilichonse, kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kumene mafumu amakatula mitulo ndi kufotokoza za madera awo kwa Kalonga Gawa Undi. Pabwalo limenelo mbiri ya ufumuwu imakambidwa m'Chichewa, ndipo oikamba ndi eni ake. Koma wophunzira wa pa yunivesite akafuna kulemba za ufumu womwewo, mabuku ambiri amene amatsegula amamulozera kwa mlendo mmodzi wa ku America, Harry W. Langworthy, amene kafukufuku wake wa mu 1969 wakhala ngati chitsime chimene olemba ena amatungako.

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika mmene zolemba za Langworthy zakhudzira maphunziro a mbiri ya Achewa, makamaka pa nkhani ya ukapolo ndi kubwera kwa atsamunda m'dera limene lero ndi maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi. Mfundo yathu ndi yakuti Langworthy adatipatsa mafupa a mbiriyi molongosoka, koma kuti njira imene adatsata, pamodzi ndi chilankhulo chimene adalembera, zidasiya kunja anthu amene ukapolo udawakhudza kwambiri. Tikulemba ngati anthu a zilankhulo, pakuti umboni wambiri umene iye adamangirapo ntchito yake udayankhulidwa m'Chichewa usadalembedwe m'Chingerezi, ndipo zimene zidatayika pa kumasulirako ndi nkhani yotikhudza ife.

2.0 MUNTHUYO NDI ZOLEMBA ZAKE

Langworthy adayenda pakati pa Achewa kufunsa akuluakulu m'zaka za 1964 ndi 1965, nthawi imene Malawi ndi Zambia ankalandira ufulu wodzilamulira. Inali nthawinso imene akatswiri, potsatira Jan Vansina amene buku lake lonena za mbiri yapakamwa lidatuluka m'Chifalansa mu 1961, adayamba kuvomereza kuti zokamba za akuluakulu ndi umboni woyenera kuuyesa monga mmene amayesera makalata akale. Mu 1969 adapereka ku Boston University kafukufuku wake wa digiri ya PhD wotchedwa A History of Undi's Kingdom to 1890. Zotsatira zake zidafika kwa owerenga ambiri kudzera m'nkhani za m'magazini a akatswiri, m'mutu umene adalemba m'buku la Bridglal Pachai la The Early History of Malawi la mu 1972, ndi m'kabuku kake ka Zambia before 1890 ka chaka chomwecho.

Ntchito zina zitatu ndi zofunika kuzitchula. Mu 1973 ku Wiesbaden, m'dziko la Germany, kudatuluka Mbiri ya Achewa ya Samuel Josia Ntara yomasuliridwa m'Chingerezi ndi W.S. Kamphandira Jere, ndipo ndemanga za m'bukumo adalemba ndi Langworthy. Mu 1983 adakonza ndi kutulutsa m'Chingerezi lipoti la Carl Wiese, Mjeremani amene adayenda m'dziko la Mpezeni pakati pa 1888 ndi 1891. Pomaliza, mu 1996, chaka chimene iye adamwalira, ku Blantyre kudasindikizidwa buku lake lalikulu la moyo wa Joseph Booth, mmishonale amene adafika ku Nyasaland mu 1892 natenga John Chilembwe kupita naye ku America mu 1897. Booth adali agogo awo a bambo ake a Langworthy, motero mbiri ya utsamunda m'dera lino inali nkhani ya kubanja kwake. Zaka zambiri za moyo wake adaphunzitsa ku Cleveland State University.

3.0 MFUNDO YAKE YAIKULU

M'nthawi ya atsamunda mbiri ya Achewa inkafotokozedwa mwachidule chotere: kudali anthu ofatsa, okhala m'midzi yosagwirizana, amene Angoni ndi ogula akapolo adawamwaza, kufikira pamene Mngerezi adadza ndi mtendere. Kafotokozedwe kameneka kadali kokomera boma la nthawiyo, chifukwa kankaonetsa kuti Achewa adalibe dongosolo lawolawo limene mlendo akadaliphwanya.

Langworthy adatsutsa chithunzichi pa mbali ziwiri. Poyamba, adaonetsa kuti kudali ufumu waukulu wokhala ndi dongosolo lomveka. Malinga ndi mbiri imene adasonkhanitsa, Undi adachoka kwa Kalonga pambuyo pa kusamvana pa za ufumu, natenga akazi a fuko la Phiri, kuphatikizapo Nyangu amene amabala mafumu, nakakhazikika ku Mano, kumene lero ndi chigawo cha Tete ku Mozambique. Mphamvu zake zidakhazikika pa kuika abale ake m'madera, pa mitulo, makamaka minyanga ya njovu, pa kugawa nsalu ndi mikanda zimene ankapeza pogulitsa minyangayo, ndiponso pa ubale wake ndi akachisi a mvula monga wa Makewana ku Msinja.

Chachiwiri, adaonetsa kuti ufumuwu udayamba kufooka Angoni asadawoloke Zambezi mu 1835. Kuyambira m'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi ndi anthu awo adatsegula migodi ya golide kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la Undi, ndipo okumba ambiri adali akapolo aakazi. Achikunda, asilikali a eni minda ikuluikulu ya m'chigwa cha Zambezi, ankapha njovu ndi mfuti osalabadira za mtulo. Banja la Pereira, lochokera ku Goa, lidakhazikitsa ufumu wake wa Makanga pa nthaka imene kale inali ya Undi. Amalonda akayamba kufika okha pakhomo pa mfumu yaing'ono, mfumuyo sionanso chifukwa chotumizira mnyanga kulikulu, pakuti nsalu imene inkadikira kuti igawiridwe tsopano ikuipeza yokha. Pamene malonda a akapolo opita ku Quelimane ndi ku Brazil adakula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, munthu adasanduka katundu woposa mnyanga, chifukwa njovu imafuna mlenje pamene munthu angapezeke pa mlandu wa m'mudzi momwemo. Lamulo la Portugal la mu 1836 loletsa kutumiza akapolo kunja silidathetse malondawa. António Gamitto, amene adadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wochokera ku Tete kupita kwa Kazembe, adapeza kale mafumu monga Mkanda ali ndi mphamvu zawozawo.

Ubwino wa mfundo imeneyi ndi wakuti imafotokoza chifukwa chake zinthu zidachitika, pamene kafotokozedwe kakale kankangotchula adani. Imaikanso Achewa pakati pa mbiri yawo ngati anthu amene adasankha zochita, zabwino ndi zoipa zomwe. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pano kalumoko kadameta ndithu.

4.0 MMENE ZOLEMBAZI ZIDAKHUDZIRA ENA

Mphamvu ya katswiri imaoneka pa mafunso amene ena amafunsa pambuyo pake. Allen Isaacman, m'buku lake la mu 1972 lonena za minda ya Apwitikizi ya m'chigwa cha Zambezi, ndiponso m'buku la Slavery and Beyond limene adalemba ndi Barbara Isaacman mu 2004, adayang'ana nkhani yomweyi ataima tsidya la Achikunda, ndipo pofotokoza za dziko la Undi adadalira kafukufuku wa Langworthy. Kings M. Phiri wa ku Chancellor College, amene adatsiriza digiri yake ya PhD ku Wisconsin mu 1975, adatenga funso la mbiri yapakamwa ya Achewa nalipititsa patsogolo m'chigawo chapakati cha Malawi, ndipo ndi mmodzi mwa atatu amene adalemba mutu wonena za dera lino m'buku lachisanu la mbiri ya Africa la UNESCO la mu 1992. Matthew Schoffeleers, pofufuza za akachisi a mvula ndi za Mbona, adalimbana ndi funso limene Langworthy adalikhudza, la ubale wa mafumu a Phiri ndi eni akachisi a fuko la Banda.

Chinthu china chimene sitiyenera kuchipeputsa ndi chakuti Langworthy adalemba za Achewa osasamala malire a mayiko. M'zaka za m'ma 1960 boma lililonse latsopano linkafuna mbiri ya dziko lake, yothera pa malire ake. Koma malirewo adadulidwa ndi pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891, limene lidasiya Mano kwa Apwitikizi, pamene anthu ambiri a Undi adagwera kwa Angerezi. Munthu wa ku Vubwi, boma limene lachita malire ndi Malawi ndi Mozambique, amadziwa zimenezi popanda buku, chifukwa maliro ndi maukwati zimamuwolotsa malirewo nthawi ndi nthawi. Langworthy adapatsa zimene anthu otere amadziwa malo m'maphunziro apamwamba.

5.0 ZOFOOKA ZAKE

5.1 Mbiri ya mipando

Mutu wa kafukufuku wa mu 1969 ukunena za ufumu, ndipo mbiri yotere imatsata mndandanda wa mafumu, kusamuka kwawo ndi mikangano yawo. Osunga mbiri ya mtundu umenewu ndi mafumu eni ake, nduna zawo ndi anyakwawa, anthu amene udindo wawo umadalira zimene akunenazo. Tiyeneranso kukumbukira kuti Undi adachoka ku Mozambique kudzakhala ku Northern Rhodesia mu 1935, ndipo boma la Angerezi lidamuvomereza kukhala mfumu yaikulu ya Achewa mu 1937. Pamene Langworthy ankafunsa mafunso ake padali patapita zaka zosakwana 30 chichitikire zimenezi, ndipo funso lakuti ndani adapatsidwa dziko ndi ndani lidali lamoyo, lokhudza malipiro, makhoti ndi malire a mafumu. Sitikunena kuti akuluakuluwo adanama. Tikunena kuti mbiri yokambidwa pabwalo la mfumu imasankha zoti ikumbukire, ndipo munthu wogulidwa ndi nsalu sakhala m'gulu la zosankhidwazo. Motero m'zolemba za Langworthy ukapolo umaoneka makamaka ngati chifukwa chimodzi chimene chidafooketsa likulu. Za mmene mkazi wogwidwa pankhondo adakhalira pamudzi wa eni ake timva zochepa.

5.2 Mawu amene adatsala m'njira

Apa ndi pamene ife a zilankhulo tili ndi chonena. Chingerezi chimakonda kumangirira anthu osiyanasiyana m'mawu amodzi otanthauza kapolo, pamene Chichewa chimasiyanitsa. Kapolo ndi mdzakazi sadali ofanana pa ntchito ngakhale pa tsogolo lawo. Munthu woperekedwa ngati chikole pa mlandu kapena pa ngongole adali ndi abale odziwika amene akadatha kudzamuwombola, pamene wogulidwa kuchokera kutali adalibe womufunsa. Mchikunda naye m'mabuku a Apwitikizi amawerengedwa kapolo, chonsecho adali ndi mfuti, ankatolera msonkho, ndipo nthawi zina adali ndi akapolo akeake. A Isaacman amafotokoza kuti dzinalo lidachokera ku mneni wa Chishona wotanthauza kugonjetsa. Anthu onsewa akalowa m'mawu amodzi, wowerenga amaona khamu losasiyana, ndipo amalephera kumvetsa chifukwa chimene ena adathawa pamene ena adakhala.

Kusiyana kwa kapolo ndi mdzakazi kumamveka bwino tikakumbukira kuti Achewa amatsata mtundu wa kuchikazi. Mwana wa mfulu ndi wa mbumba ya amayi ake, ndipo womuyang'anira ndi mtsibweni wake. Mwamuna wa pa chikamwini amabala ana amene si ake kuwalamulira. Koma mdzakazi adalibe mlongo womuyimira ngati nkhoswe, motero ana ake ankatsala m'manja mwa bambo wawo ndi mtundu wake. Kugula mkazi inali njira imene mwamuna akadamangira mudzi wa anthu omumvera iye yekha. Mary Douglas adalemba za ubale wa chikole ndi mtundu wa kuchikazi m'chigawo chino cha Africa mu 1964, Max Marwick amene adachita kafukufuku m'dera la Kawaza ku Katete m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 adaona kuti mbadwa za akapolo zidali gawo la midzi ya kumeneko, ndipo Phiri, m'nkhani yake ya mu 1983 yonena za kusintha kwa banja la Achewa, adaonetsa kuti malonda a akapolo adagwedeza dongosolo la mbumba. Apa tikuona kuti ukapolo udalowa mpaka m'nyumba, ndipo mbiri yotsata mipando yokha siingafike kumeneko.

Chilankhulo chenichenicho chasunga umboni umene akatswiri a mbiri sadaugwiritse ntchito mokwanira. Mawu akuti goli, amene mwana wa lero amawadziwa pa ng'ombe zokoka ngolo kapena pa ulaliki wa kutchalitchi, adali dzina la mtengo wa mphanda umene unkamangidwa m'khosi mwa munthu wopita kukagulitsidwa. Mawu akuti dipo ndi kuwombola, amene omasulira Baibulo adawatenga, adali mawu a pabwalo la milandu, onena za kulipira kuti mbale wako abwerere. Linga, mpanda wa nkhondo, likutikumbutsa nthawi imene anthu sankagona m'midzi yapoyera. Nthawi ya atsamunda nayo idasiya mawu ake: mtengatenga, chibalo, ndi thangata, mawu amene poyamba ankanena za kuthandizana koma adasanduka dzina la ntchito yokakamiza m'minda ya azungu ku Nyasaland, monga J.A.K. Kandawire adafotokozera mu 1979. Kutsata mmene matanthauzo a mawu amenewa adasinthira ndi ntchito ya mbiri, ndipo oyenera kuigwira ndi odziwa chilankhulo.

5.3 Malire a chaka cha 1890

Kafukufuku wa Langworthy adathera pa 1890, pamene mavuto amene anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amawakumbukira kwambiri adali asadayambe. Chilolezo chimene Wiese adati adachipeza kwa Mpezeni ndicho chidakhala maziko a kampani ya North Charterland, imene idatenga dera lalikulu la chigawo chakummawa. Angoni atagonjetsedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1898, msonkho udabwera, amuna adayamba ulendo wa ku migodi ndi minda ya ku Southern Rhodesia, ndipo mu 1928 anthu adapanikizidwa m'malo ochepa amene boma lidawapatulira. Boma lidagula malo a kampaniyo mu 1941 nthaka ya m'malo opatulidwawo itaguga kale. Potulutsa lipoti la Wiese, Langworthy adatipatsa khomo lolowera m'nkhani imeneyi, koma amene adaifotokoza mwakuya ndi Leroy Vail m'nkhani yake ya mu 1977 yonena za chilengedwe ndi mbiri ya kummawa kwa Zambia. Wophunzira wowerenga Langworthy yekha angaganize kuti mbiri ya Achewa idatha pamene ufumu wakale udagwa. Pa za utsamunda weniweniwo, mphamvu zake zambiri adaziika pa Booth, ndipo bukulo, ngakhale ndi lolemera ndi makalata, likunena za mzungu wotsutsa azungu anzake koposa za anthu a m'midzi.

6.0 ZOYENERA KUCHITA

Buku la Ntara lidalembedwa m'Chichewa m'zaka za m'ma 1940, ndipo lidawoloka kupita m'Chingerezi kuti akatswiri akunja aliwerenge. Zolemba za Langworthy, zimene zidachokera m'kamwa mwa Achewa, zili m'Chingerezi, ndipo adzukulu a amene adafunsidwa mafunsowo ambiri sadazionepo. Katundu wakhala akuyenda njira imodzi. Chinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo 7 zimene zimaphunzitsidwa m'sukulu za ku Zambia, koma mphunzitsi wa ku Sinda wofuna kuphunzitsa mbiri ya dera lake m'chilankhulo cha ana ake alibe zambiri zoti agwire m'manja.

Tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, madipatimenti a zilankhulo ndi a mbiri agwirizane kumasulira m'Chichewa zigawo zikuluzikulu za kafukufuku wa mu 1969, ndi ndemanga zosonyeza pamene akatswiri apambuyo adagwirizana naye kapena kumutsutsa. Womasulira adzakakamizika kusankha pakati pa kapolo, mdzakazi ndi chikole pa chiganizo chilichonse, ndipo kusankhako kudzavumbula mafunso amene Chingerezi chidaphimba. Chachiwiri, ofufuza atsopano ajambule ndi kusunga mawu a owafunsa m'chilankhulo chimene ayankhulira, kuti wodza pambuyo athe kuyesa kumasulirako, ndipo afunse amayi achikulire, anamkungwi ndi osunga miyambo ya maliro, amene mbiri ya mipando idawalambalala. Chachitatu, ntchitoyi ichitike mosamala. Kutchula munthu kuti ndi mdzukulu wa kapolo ndi chipongwe chachikulu pakati pa Achewa, ndipo kungadzutse mikangano ya malo ndi ya unyakwawa. Wofufuza afunse za mawu, za miyambo ndi za mmene zinthu zinkachitikira, koma maina a mabanja awasiye kumene eni ake adawasiya.

7.0 MAWU OMALIZA

M'nkhani ino taona kuti Langworthy adachotsa mbiri ya Achewa m'manja mwa olemba a chitsamunda poonetsa kuti dziko la Undi lidali ndi dongosolo, ndi kuti malonda a golide, minyanga ndi anthu adalifooketsa Angoni asadafike. Taonanso kuti akatswiri monga Isaacman, Phiri ndi Schoffeleers adamanga pa maziko amenewa, aliyense kumbali yake. Komabe njira yotsata mafumu, kumasulira kosasiyanitsa mitundu ya ukapolo, ndi kuthera pa 1890, zidasiya mipata imene ophunzira athu ayenera kuidziwa asadayambe kumutchula ngati mwini mawu omaliza. Mipata imeneyi siichepetsa ntchito yake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Gawo limene latsala, la mawu ndi matanthauzo ake, lili m'manja mwa aphunzitsi ndi ofufuza a Chichewa, ndipo akuluakulu amene amadziwa kusiyanitsa chikole ndi kapolo akucheperachepera chaka ndi chaka.